Mfutiyo inali ya ndani? Kalata yotseguka kwa Nduna ya Apolisi ndi aphungu a ku South Africa

Olemekezeka a Nduna ya Apolisi, ndi inu aphungu a komiti yoona za apolisi ku Nyumba ya Malamulo ku Cape Town,

Landirani moni wanga. Ine ndine Mmalawi wa ku Ntcheu. Ndakhala m'dziko lanu lino zaka zoposa 15, ndipo ndimadya za m'manja mwanga: ndimawotcherera mageti, zitsulo za m'mawindo ndi zina zotero. Sindiponya voti kuno, choncho palibe mmodzi wa inu amene ali pampando chifukwa cha ine. Komabe kwathu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndiponso gawo 12 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wosachitidwa chiwawa, kaya ndi boma kaya ndi munthu mnzake. Silinena kuti nzika yokha. Ndaima pa mawu amenewo polemba kalatayi. Ndailemba m'Chichewa chifukwa funso limene ndabwera nalo ndinafunsidwa m'Chichewa, pa maliro, ndi mayi amene sanapondepo dziko lino. Okumasulirani simudzawasowa, poti tili mbwee m'minda yanu ya maluwa, m'makhitchini ndi m'magalaja.

Kupatula ntchito ya zitsulo, ine ndi amene ndimasunga kope la gulu lathu la maliro. Ndi kope wamba la ana a sukulu, lachikuto cholimba, lomanga ndi mphira. M'menemo muli mayina a anthu a kwathu ndi ndalama imene aliyense amasonkha pakutha pa mwezi, kuti wina akatisiya asaikidwe kuchilendo ngati wopanda abale. Kumasamba akumapeto ndimalembako amene tinawaperekeza kale kumudzi, tsiku lake, ndi chimene chinawatenga. Kale mzere umenewo unkadzaza ndi matenda ndi ngozi za pamsewu. Zaka zapitazi mawu amene dzanja langa lazolowera kulemba ndi akuti "anawomberedwa".

Womaliza anali mnyamata wa zaka 24, wa mudzi woyandikana ndi wathu. Ankagwira ntchito yokapereka chakudya m'makomo pa njinga yamoto, ntchito imene ana athu ambiri alowa chifukwa olemba ake safunsa satifiketi ya sukulu. Usiku wina anaima pageti la nyumba ina, akuyang'ana pa foni ngati wafika pamalo oyenera. Anthu awiri anatulukira mumdima, anatenga foni ndi njinga, n'kumuwombera kamodzi pachifuwa. Sanalimbane nawo; amene anaona ali pawindo anatiuza choncho. Ine ndi amalume ake tinapita kukamuzindikira ku nyumba yachisoni. Atavundukula nsalu ndinaona bala laling'ono, loti ukhoza kuliphimba ndi chala chachikulu. Ine ndimaboola mabowo okulirapo kuposa limenelo tsiku ndi tsiku pomanga mageti. Ndinangoti maso dwii pa balalo mpaka amalume aja anandigwira paphewa.

Tinasonkha, tinagula bokosi, tinayenda m'maofesi kufuna mapepala, kenako tinamangirira kangolo kumbuyo kwa galimoto. Ulendo wake ndi uwu: Cape Town mpaka Johannesburg, Musina, Beitbridge, kudutsa Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kukalowa kwathu pachipata cha Dedza. Ndi makilomita oposa 3,000, ndipo pachipata chilichonse umatsika ndi envulopu ya mapepala a munthu amene sangadziyankhire. Tinafika kumudzi mbandakucha, amayi atagona kale pa siwa mausiku anayi.

Titaika maliro, mayi a mnyamatayo ananditumizira mwana kuti ndikawapeze kuseri kwa nyumba. Anali atakhala pa mkeka, mawu atasasa ndi kulira. Sanandifunse za ndalama kapena za katundu wake. Anati, "Bambo, mfutiyo inali ya ndani?" Ndinayankha kuti inali ya achifwamba. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati, "Inu ndinu a zitsulo. Achifwambawo amasula okha mfuti?" Ndinasowa chonena. Funso limenelo ndabwera nalo kwa inu, chifukwa yankho lake lili m'mabuku anu, m'kope langa mulibe.

Monga munthu wa zitsulo ndikudziwa kuti mayiwo anagunda pomwepo. Zilipo mfuti zosula pamanja, za mapaipi, koma si zimene zikutha anthu. Mfuti imene imalasa mowongoka n'kulira kangapo osakanirira imapangidwa ku fakitale. Imakhomedwa nambala, imalembedwa polowa m'dziko, kenako imaperekedwa kwa wapolisi, msilikali, kampani ya alonda, wogulitsa mfuti, kapena munthu wamba amene ali ndi laisensi. Pafupifupi mfuti iliyonse imene ili m'manja mwa chigawenga lero inayamba ili yovomerezeka, ndipo inali ndi mwini wake wodziwika ndi dzina. Penapake panali khomo limene inatulukira. Wakuba amapala nambala ija ndi tupa, koma nambala yokhomedwa imalowa m'chitsulo kupitirira pamene diso limafika, ndipo akatswiri anu nthawi zambiri amatha kuidzutsa ndi mankhwala.

Tsono mtsutso umene ndakhala ndikuumva pa wailesi, m'manyuzipepala ndi pa Facebook umalambalala funsoli. Mu May 2021 boma linatulutsa bilu yosintha lamulo la mfuti la Firearms Control Act, ndipo mfundo imene inautsa mapiri pachigwa inali yoti kudziteteza kusakhalenso chifukwa chopatsira munthu laisensi. Anthu oposa 100,000 analemba maganizo awo. Kuyambira pamenepo mbali ziwiri zakhala zikukokanakokana: awa akuti mfuti ndi ufulu wa munthu wosunga lamulo, awo akuti mfuti zikachepa maliro achepa. Ine anthu a mbali zonsezi ndimawadziwa, chifukwa ndimalowa m'nyumba zawo ndi makina oboolera.

Lamulo lanu limati mwini mfuti aziisunga m'bokosi lachitsulo lokhoma, lomangirira kukhoma kapena pansi. Mabokosi amenewo ndamangirira ambiri, ndipo ena a eni ake ndi anthu amene mantha awo ndi enieni. Ndikukumbukira gogo wina wamasiye, wokhala yekha kunja kwa tawuni, amene anaima pambali panga nthawi yonse imene ndinkaboola khoma la kuchipinda kwake. Anandiuza kuti anamuthyolera nyumba kawiri, ndipo kachiwiriko anamumanga manja ndi nthambo ya ayironi. Pondipatsa tiyi, kapu inkagwedera pa mbale chifukwa cha kunjenjemera. Munthu ngati ameneyo sindingamuuze kuti mantha ake ndi achabe. Inenso ndimagona kuseri kwa zitsulo zimene ndinawotcherera ndekha. Ndipo eni mfuti akamakumbutsa za July 2021, pamene zigawo za KwaZulu-Natal ndi Gauteng zinayaka moto ndi zipolowe, anthu oposa 350 n'kufa, apolisi ataperewera mphamvu, sakunama. Masiku amenewo anthu anadziona kuti ali okha.

Koma m'masiku omwewo ku Phoenix, pafupi ndi Durban, anthu 36 anafa, ambiri mwa kuwomberedwa, m'dera mmene anthu wamba anatseka misewu ponena kuti akuteteza makomo awo. Ndipo ndili ndi nkhani ina ya bokosi. Bambo wina amene ndinamumangirira bokosi la mfuti anandiitananso patapita chaka kuti ndidzakonze geti limene achifwamba anapinda. Ndinapempha kuona bokosi lija, mtima uli phaphapha kuti mwina mabawuti anga ndi amene anagonja. Linali chikhalire pakhoma, lolimba ngati tsiku limene ndinalimanga, koma chitseko chili pululu. Palibe amene analithyola. Anamuika mwana wake mpeni pakhosi, bamboyo n'kutsegula yekha. Kholo lililonse likanatero. Koma kuyambira usiku umenewo, mfuti yogulidwa kuti iteteze banja limodzi ili kunja, ikuyenda m'matumba a anthu ena, ndipo chitsulo chimenecho sichiola msanga. Mfuti za anthu wamba zimene zimabedwa kapena kutayika chaka chilichonse m'dziko lino ndi zikwi zingapo. Usiku wina ndimadzifunsa ngati imene inapha mnyamata wathu sinatuluke m'bokosi limene ndinamanga ine.

Pa nkhani ya ufulu, khoti lanu lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kale mu June 2018, pa mlandu wa bungwe la alenje la South African Hunters and Game Conservation Association, kuti kukhala ndi mfuti si ufulu wachibadwidwe m'dziko lino. Ndi mwayi umene lamulo limapereka ndi kuuyang'anira. Mfundo zimene ena amatengera ku America, kumene ufulu wa mfuti unalembedwa m'malamulo awo mu 1791, kuno zilibe pogwira. Ndipo kwa ife alendo nkhaniyi ili ndi mbali ina imene sindinamvepo wina akuitchula. Lamulo limati wofuna mfuti akhale wa zaka 21, ndipo akhale nzika kapena munthu wa chilolezo chokhazikika m'dziko. Ambiri a ife tilibe chimenecho. Sindikudandaula, ndipo sindikupempha kuti mutipatse mfuti. Ine sindiifuna m'nyumba mmene muli ana anga. Ndikungofuna muone pamene taima. Mkangano wonse wa kudziteteza umachitikira kumbuyo kwa mfuti, kumene kuli chogwirira. Ife tili kukamwa kwake, pamodzi ndi nzika zanu zosauka za ku Nyanga, Delft, Diepsloot ndi Umlazi, zimene sizingakwanitse mtengo wa mfuti, wa maphunziro ake ndi wa bokosi lake. Chitetezo chathu chagona pa chinthu chimodzi, choti inu muzidziwa kumene mfuti iliyonse ili.

Chimene chimandipweteka n'chakuti munayamba bwino. Lamulo la mfuti la chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu July 2004, linali lolimba: munthu kuunikidwa asanapatsidwe laisensi, mfuti imodzi yokha yodzitetezera, laisensi yake n'kutha pakapita zaka 5 kuti aunikidwenso. Zipatso zinaoneka. Mu 1998 anthu pafupifupi 34 ankafa ndi mfuti tsiku lililonse, koma pofika 2009 anali pafupifupi 18. Ofufuza amene anawerenga mabuku a nyumba zachisoni m'mizinda isanu anapeza kuti pakati pa 2001 ndi 2005 miyoyo yoposa 4,500 inapulumuka. Ena a anthu amenewo lero akunyamula zidzukulu. Kenako chiwerengero chinatembenuka n'kuyamba kukweranso, mpaka chinabwerera kopitirira 30 patsiku. M'chaka cha 2022/23 chokha anthu oposa 27,000 anaphedwa m'dziko lino, ndipo chida chimene chinatsogola ndi mfuti. Papepala lamulo linakhalabe lolimba. Koma nkhokwe inabooka pansi, ndipo woboola anali wa m'nyumba momwemo.

Dzina la Christiaan Prinsloo mumalidziwa kuposa ine. Anali Colonel wa apolisi ku Gauteng, mmodzi wa oyang'anira nkhani za mfuti. M'manja mwake munkadutsa mfuti zolandidwa ndi zimene anthu anabweza okha, zoyembekeza kukaphwanyidwa. Iye ndi mnzake ankazichotsa pamulu n'kuzigulitsa kwa munthu wapakati, amene ankazifikitsa ku magulu a zigawenga a ku Cape Flats, madera a anthu osauka a mu Cape Town muno. Mu 2016 anavomera mlandu wa mfuti pafupifupi 2,400. Anamulamula kukhala kundende zaka 18, koma mu 2020 anatulutsidwa pa parole, zakazo zisanathe. Apolisi anzake amene anatsogolera kafukufuku, Jeremy Vearey ndi Peter Jacobs, analondola zipolopolo n'kupeza kuti mfuti zimenezi zinakhudzidwa ndi milandu yakupha yoposa 1,000 pakati pa 2010 ndi 2016. Ana 89 anafa nazo. M'malo mopatsidwa mphamvu zopitiriza, awiriwa anasamutsidwa pa maudindo awo mu 2016, mpaka khoti la za ntchito linagamula chaka chotsatira kuti kusamutsako kunali kolakwika. Mazana ambiri a mfutizo sanapezekebe.

Ndikupempha muione nkhaniyi ndi maso a munthu wamba. Mayi wamasiye wapeza mfuti ya malemu mwamuna wake m'sutikesi. Wamva pa wailesi kuti boma likulandira mfuti popanda mlandu. Waikulunga m'thaulo, wakwera minibasi, waipereka pa kauntala, wapatsidwa lisiti, wabwerera kwawo mtima uli m'malo kuti wachotsa imfa m'nyumba. Patapita miyezi mfuti yomweyo ikulira ku Manenberg kapena ku Hanover Park, mwana wochokera kusukulu n'kugwa chikwama chili kumsana. Mwaitanapo anthu kubweza mfuti mu 2005, mu 2010, ndi kawiri pakati pa 2019 ndi 2021. Mukadzawaitananso, mudzawauza chiyani kuti akukhulupirireni?

Akanakhala Prinsloo yekha, bwenzi tikuti linali tsoka la kamodzi. Koma kumayambiriro a 2022 kunamveka kuti mfuti 158 zasowa m'chipinda chosungira maumboni pa polisi ya Norwood ku Johannesburg. Lieutenant-Colonel Charl Kinnear, amene ankafufuza mmene akuluakulu a zigawenga ankapezera malaisensi a mfuti mwachinyengo, anawomberedwa ali m'galimoto pakhomo pa nyumba yake ku Bishop Lavis pa 18 September 2020. Ndipo aphungu a komiti yanu yomweyi atakayendera ofesi ya kaundula wa mfuti, Central Firearms Registry ku Pretoria, mu 2021, anapeza mafayilo ataunjikana m'makonde. Ine ndi kope langa la mphira ndikhoza kukuuzani nthawi yomweyo amene sanasonkhe mwezi wa March. Dziko limene banki imakudziwitsa pa foni ukangogula buledi liyenera kutha kudziwa kumene kuli mfuti zake. Kwathu amati khoswe akakhala pamkhate sapheka, chifukwa woponya mwala amaopa kuswa mkhatewo. Ndikumvetsa kuti kulanga a m'nyumba mwanu n'kovuta. Koma apolisi okhulupirika, amene ndi ambiri ndipo nawonso akuphedwa ndi mfuti zomwezi, ndiwo adzayambe kupuma mukamuchotsa khosweyo.

Zotsatira zake tonse tikuziona. Anthu 16 pa malo omwera mowa ku Orlando East, Soweto, mu July 2022. Anthu 18, ambiri a iwo amayi, m'makomo awiri a ku Lusikisiki mu September 2024, atasonkhana kukonzekera mwambo wa pabanja. Zimenezi zimafika pa wailesi yakanema, akuluakulu n'kupitako kukapepesa. Koma ambiri amafa mmodzimmodzi, pageti, pa siteji ya minibasi, pa kashopu ka pakona, ndipo mayina awo amathera m'makope ngati langa.

Ndikudziwa kuti wina powerenga adzati alendo ndinu amene mumabweretsa mfuti. Sindibisa, pakati pathu alipo ochita zoipa. Mukawagwira alangeni monga lamulo likunenera, ife sitidzawaikira kumbuyo. Zipata za m'malire nazonso n'zofunika kulondera. Koma mfuti za Prinsloo sizinawoloke Limpopo, ndipo za ku Norwood sizinadutse pa Beitbridge. Zinatuluka m'zipinda zokhoma ndi loko wa boma.

Za mfuti zowoloka malire ndikuzidziwa kuyambira ubwana. Kwathu ku Ntcheu pali malo amene msewu waukulu ndiwo malire: mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique. Ndili mwana, nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, tinkagona tikumva mfuti zikulira kutsidya, m'mawa n'kuona anthu akubwera ndi mitolo pamutu, ana kumsana. Malawi inasunga othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anthu anabwerera kwawo, koma mfuti sizinabwerere kumene zinachokera. Zinakwiriridwa m'tchire ndi m'minda, zina n'kuyamba kugulitsidwa, ndipo ife amene tinkangodziwa wakuba wa nkhuku ndi mbuzi tinayamba kumva za achifwamba a AK-47 m'magolosale.

Pa ntchito yochepetsa zidazo munalipo inu. Kuyambira 1995 apolisi a South Africa ndi a Mozambique anagwirira limodzi ntchito yotchedwa Operation Rachel. Ankalondola kumene zida zinabisidwa n'kuziphulitsa pomwepo, osazinyamula kukazisunga kwina. Chaka chomwecho matchalitchi a ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, anayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata, ndipo mfutizo ankazidula zidutswazidutswa. Nzeru yake inali imodzi, yoti mfuti imene yachoka m'manja mwa anthu isapatsidwenso mpata wobwereramo. Apolisi anu anaigwiritsa ntchito nzeru imeneyi m'tchire la Mozambique. Ndikupempha muibweretse kunyumba.

Kudula mfuti si ntchito yovuta. Ndi makina odulira zitsulo amene ndimanyamula tsiku lililonse ndikhoza kuidula pawiri tiyi asanazizire. Mfuti yobwezedwa, kapena imene mlandu wake watha, iyesedwe kaye ngati inaphapo munthu, kenako idulidwe msanga, nambala yake ikuwerengedwa mokweza pamaso pa mboni zosavala yunifolomu: abusa, mashehe, makolo a ana amene anaphedwa. Isamagone zaka m'chipinda kudikira tsiku la mwambo waukulu. Werengani mfuti zonse za m'manja mwa boma, za apolisi, asilikali, oyang'anira ndende ndi apolisi a m'mizinda, ndipo pakhale munthu wa kunja wotsimikiza chiwerengerocho. Wapolisi amene wataya mfuti afotokoze monga mmene munthu wamba amafotokozera. Makampani a alonda, amene antchito awo ndi ochuluka kuposa apolisi, nawonso muziwawerengera, makamaka kampani ikatsekedwa, kuti mudziwe kumene mfuti zake zapita. Musaiwalenso zipolopolo. Munthu wa laisensi lamulo limamuikira malire a 200 pa mfuti imodzi, koma zigawenga zimawombera usiku wonse osatha nazo. Sizisula zokha zimenezonso.

Chachikulu pa zonsezi ndi kaundula. Mpaka tsiku limene wapolisi wa pa siteshoni yaing'ono adzathe kulemba nambala ya mfuti pa kompyuta n'kuona nthawi yomweyo mbiri yake yonse, kuyambira kufakitale mpaka kwa mwini wake womaliza, lamulo lililonse latsopano lidzakhala ngati kutungira madzi m'dengu. Ndipo mfuti ikapezeka pa mlandu wakupha, banja la wophedwayo liuzidwe kumene inachokera. Ngati inatuluka m'nkhokwe ya boma, boma livomere. Mabanja a ku Cape Flats, mothandizidwa ndi bungwe la Gun Free South Africa, anakasuma mu 2023 kufuna chipepeso pa mfuti za Prinsloo. Musawayendetse m'makhoti mpaka atatopa. Kwathu mbuzi yako ikadya m'munda mwa mnzako sudikira kuti akakusumire kwa amfumu, umapita wekha kukapepesa. Apa sichinadyedwe chimanga, anafa ndi ana.

Mudzafuna kudziwa kumene ine ndaima pa mfundo ya kudziteteza ija. Mtima wanga uli kumbali ya mfuti zochepa. Ndinaliona bokosi lotseguka lija, ndipo ndikudziwa kuti mfuti ya m'nyumba imatha kutembenukira a m'nyumba momwemo: mkazi pa mkangano wa usiku, mwana amene wapeza kiyi, mwini wake pa tsiku limene moyo wamuwawira. Lamulo linakupatsani kale mphamvu yolanda mfuti kwa munthu woopseza mkazi wake. Igwiritseni ntchito tsiku lomwelo mayi akadandaula, musadikire maliro. Koma mukayamba ndi kulanda gogo wamasiye uja mfuti yake imodzi yolembedwa bwino, uku khomo lanu lakuseri lili chitsegukire, adzakufunsani kuti mukupita nayo kuti, ndipo mudzasowa chonena monga ndinasowera ine. Tsekani kaye kwanu. Mukatero mudzapita kwa eni mfuti opanda manyazi, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri a iwo adzakumverani, chifukwa nawonso atopa kugona khutu lili panja.

Pamalo pamene mnyamata wathu anagwera panatoledwa kachitsulo kamene mfuti imalavula ikawombera. Akatswiri anu amati mfuti iliyonse imasiya chidindo chakechake pa kachitsulo kotere, monga chala cha munthu pa inki. Nambala ya mlandu ndinailemba m'kope, pansi pa dzina lake. Mu December ndikupita kumudzi ndi katundu wake wotsala: nsapato, chipewa cha njinga yamoto, ndi ndalama zimene ankasunga zogulira malata a nyumba ya mayi ake. Mayiwo adzanditumiziranso mwana kuti ndikawapeze kuseri kwa nyumba. Chonde ndisadzapite chimanjamanja. Ndiuzeni kuti mfutiyo inali ya ndani, inatulukira khomo liti, ndipo ndani anali ndi kiyi wa khomo limenelo.

Ine wanu mwaulemu,
Wowotcherera zitsulo wa ku Ntcheu, wokhala ku Cape Town